Injini ya pampu ingayendetse chida cha roboti yomenyana?

Anyamata anga pa galaja pano ku Kasungu amakonda kuonera BattleBots, mpikisano wa ndewu za maroboti, pa foni nthawi ya nkhomaliro, ndiye tsiku lina mmodzi anandifunsa kuti "bwana, titachotsa injini ya pampu yothirira kudimba ija nkuika pa ka roboti, sitingaphwanye nako zitsulo ngati awawa?" Funsoli linandisangalatsa kwambiri poti ntchito yanga ndi yomweyi, ma hydraulic a mathirakitala ndi matipa.

Tiyambe ndi sikelo. Ku BattleBots ya ku America roboti siloledwa kupyola mapaundi 250, ndiye kuti makilogalamu ngati 113, matumba awiri a feteleza ndi kapamwamba pang'ono. Mommo mukhale mateyala, mamota, mabatire, zitsulo zodzitchinjirizira komanso chida chenichenicho, ndipo ndewu imodzi ndi mphindi 3 basi.

Njira imodzi yoti injini iyendetse chida ndi kudzera mu pampu ya hydraulic. Hydraulic imagwira ngati jeke ya galimoto ija mumapopa ndi dzanja limodzi koma nkunyamula lole. Oyilo safinyika, ukamukankha mu paipi amakakankha pisitoni kutsogoloko, ndipo pisitoni ikakula mphamvu imakulanso. Tiwerengere limodzi. Presha ya 200 bar, yomwe mathirakitala ambiri amafikako kapena kuyandikira, pa pisitoni ya masentimita 5 m'mimba mwake imakankha matani pafupifupi 4. Kasilinda koti mutha kukagwira ndi dzanja limodzi! Nchifukwa chake roboti ya hydraulic yotchedwa Razer ya ku England, ija ya Ian Lewis ndi Simon Scott, inkaboola anzake ndi mlomo wake wonga wa chiwombankhanga mpaka inawina mpikisano wa Robot Wars wa pa BBC.

Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ndimafuna ana a sukulu za ntchito zamanja azimvetse bwinobwino. Mphamvu yofinya ndi yotchipa, chodula ndi liwiro. Silinda yomweyo kuti ituluke masentimita 20 imamwa oyilo pafupifupi malita 0.4, ndiye ngati pampu yanu ya hydraulic ikupereka malita 6 pa mphindi mudikira masekondi 4, ndipo apo pampuyo ikudya kale ma kilowati 2. Masekondi 4 mu ndewu ndi nthawi yaitali zedi, mnzako wathawa kalekale kapena wakung'amba kale teyala. Mukafuna kuti silindayo izituluka mu sekondi imodzi ndiye pampu ndi mota yoiyendetsa zikhale za mphamvu kanayi, nazo kulemera kwake, ndipo sikelo ija siyisintha. Ena anapeza njira ya accumulator, ka thanki komwe nthawi zambiri kamakhala ndi gasi wa nitrogen, pampu imadzazamo oyilo pang'onopang'ono kenako valavu ikatseguka zonse zimatuluka kamodzi. Roboti yotchedwa Hydra imaponya anzake m'mwamba ndi ma hydraulic chifukwa cha nzeru yosungira mphamvu imeneyi.

Tsono za injini. Ilipo roboti yotchuka, Icewave ya Marc DeVidts, yomwe imazunguza chimpeni chake ndi injini ya petulo ya two-stroke, ndipo phokoso lake ngakhale pa foni limamveka ngati chainsaw ili m'nkhalango. Sanasankhe two-stroke mwangozi ayi. Injini ya pampu yothirira ija ndi four-stroke, oyilo wake amakhala pansi mu sampu ndipo kabureta yake ili ndi kambale ka float, ndiye roboti ikangogudubuzidwa chagada petulo amasefukira, oyilo amapita kolakwika, injini phuu kuzima. Kulibe munthu woti alowe mu bwalo kukakoka chingwe. Injini za mtundu wa chainsaw oyilo amasakanizidwa mu petulo momwemo ndipo kabureta yake ndi ya diaphragm, yopanda kambale kaja, imagwira ntchito olo itazondoka. Pamafunikanso kilachi yomwe imagwira yokha injini ikakwera, komanso china chofewa ngati lamba pakati pa injini ndi chida, apo ayi chida chikagunda chitsulo kugwedezeka konseko kumabwerera ku crankshaft. Mavuto amenewa ndi omwe apangitsa kuti masiku ano ambiri angosankha mabatire a lithium ndi mamota a brushless, ngakhale kuyendetsa pampu ya hydraulic yomweyo.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti injini ya pampu aisiye kudimba. Ngati akufunadi kuyesa, ayambe ndi kasilinda kakale ka pa galaja pano ndi pampu yamanja, aikepo geji ndi relief valve (valavu yotulutsa oyilo presha ikapyola muyeso), aone yekha kuti presha ikutani. Ndipo ndinamugwira dzanja nkumuonetsa paipi yomwe inali ndi kabowo kosaoneka ndi maso, titaika katoni pafupi oyilo anaboola katoniyo ngati singano. Oyilo wotere amalowa pansi pa khungu ndipo munthu atha kuduka chala, nchifukwa chake pa galaja panga palibe amene amafufuza podontha ndi dzanja. Ikadzafika nthawi ya injini, chinthu choyamba kumanga ndi switch yoti rimoti ikangotaya siginolo injini izime yokha, chida chidzabwera pambuyo pake.