Kabokosi kotchinga elementi pa mphika wofululira mowa

Kuboola mphika n'kulowetsamo elementi ya giza sikuvuta. Povuta ndi kunja, pa timitu tiwiri tomangapo mawaya, chifukwa pamenepo pamakhala ma volt 230 a ESCOM moyandikana ndi madzi owira. Ambiri amangokulungapo tepi wakuda, koma tepiyo akamva kutentha amafewa n'kumatuka. Pafunika kabokosi kachitsulo, ndipo ntchito yake si kubisa mawaya kokha: kayenera kulumikizidwa ku earth, waya wachitetezo wopititsa pansi magetsi othawa, pamodzi ndi mphikawo.

Yambani ndi kukula kwa elementi. Pulagi yathu ya mano atatu imakhala ndi fyuzi ya ma amp 13, choncho pa soketi wamba musapitirire ma watt 3,000. Elementi yotere imawiritsa malita 20 m'mphindi 40 kapena 45 ndipo imadya pafupifupi mayunitsi awiri. Yoposa pamenepa imafuna mzere wakewake, wokokedwa ndi wamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Kabokosiko kakhale ka aluminiyamu kapena stainless steel, ka masentimita 10 mbali zonse ndi 6 kuya kwake, kokhala ndi chivundikiro chomanga ndi sikuluu. Kakontena ka stainless konyamulira ndiwo kamagwira bwino ntchitoyi, bola chivundikiro muchimange kuti chisatseguke ndi dzanja lokha. Timabokosi toyera ta PVC tamawaya a m'nyumba, timene tadzaza m'mahadiweya, tisiyeni. PVC imayamba kufewa pa madigiri 80, pamene madzi m'tauni ya Zomba amawira pa madigiri pafupifupi 97, ndipo ngakhale kumtunda ku Ku Chawe, kumene amawira msanga, khoma la mphika limatenthabe kuposa pamenepo. Chitsulo wamba nacho sichichedwa kuchita dzimbiri ndi chinyontho cha kuno nthawi ya dzinja.

Musaboole musanayeze mazinga a elementi yanu. Ya inchi imodzi imafuna bowo la mamilimita 33 kapena 34, ya inchi ndi kota imafuna la 42. Bowo la pamphika likhale masentimita 4 kapena 5 kuchokera pansi, ndipo onani kuti nsonga ya elementi siikugunda khoma latsidya. Stainless imabooledwa pang'onopang'ono, mukudonthezera mafuta. Mukathamangitsa dirilo chitsulocho chimatentha n'kuuma, mano a chiboolero n'kutha. Palani m'mphepete mwa bowo ndi tupa mpaka chala chizidutsa osakodwa. Popeza mphika ndi wozungulira pomwe kabokosi n'kophwatalala, panani malo a bowowo pakati pa mawashala awiri akuluakulu n'kumanga bauti mwamphamvu kuti pawongoke.

Pomanga, mutu wa elementi umatsalira m'kabokosi. Mazinga ake amadutsa pa washala wa silikoni, kenako pakhoma la kabokosi, kenako pa mphete ina ya silikoni, ndiye pakhoma la mphika, nati wa stainless n'kumanga mkati. Labala wakuda wobwera ndi elementi kapena wodula ku chubu cha njinga ayi, amanunkhitsa mowa. Mangani ndi dzanja, onjezerani pang'ono ndi sipanala. Mukakhwimitsa kwambiri mphete imafinyika n'kutulukira pambali, madzi n'kuyamba kudontha.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Silikoni yotseka madzi ija imatsekanso magetsi, ndiye kabokosi kakhoza kukhala komatirira kumphika koma osalumikizana nawo. Elementi ikadzang'ambika mkati, mphika wonse umakhala ndi moto, ndipo amene waugwira ataima pasimenti yonyowa ndiye amasanduka njira ya magetsiwo. N'chifukwa chake earth imafuna bauti wakewake. Boolani kabokosi, lowetsani bauti wa stainless wa mamilimita 5, ikani washala wa mano woluma chitsulo, mangiranipo waya wobiriwira ndi chikasu. Pa bauti yemweyo chotsani waya wina wokamanga pamphika penipeni, kaya pa kachitsulo kowotcherera kapena pa bauti wodutsa kumtunda kumene madzi safika. Pachigwiriro cha mphika musadalirepo, misomali yake imakhwepa.

Chingwe chikhale cha mawaya atatu, chalabala chopirira kutentha, cha 1.5 mm² kapena 2.5 mm² ngati ndi chachitali. Chilowere pansi pa kabokosi kudzera pa gland (kachipangizo kofinya chingwe pabowo) ya M20, kuti madzi otsetsereka pachingwe azigwa pansi osalowa mkati, komanso kuti munthu akachikoka mwangozi mawaya asazuke. Wa bulawuni ndi wa buluu apite pa timitu tiwiri ta elementi, aliyense atapanidwa m'kamphete kachitsulo. Waya wongopotokola pa sikuluu amatentha mpaka kupsereza chikopa chake. Wa earth mumusiye wotalikirapo kuposa anzake, kuti chingwe chikazuka iye akhale womaliza kuduka.

Pansi penipeni pa kabokosi boolani kabowo ka mamilimita 3. Ena amakana, amati kabokosi kazikhala kotsekeka konse, koma kotsekekako kamasunga madzi odontha mpaka kufika pa mawaya inu osadziwa. Kabowoko kamatulutsa madziwo ndipo dontho likaoneka mumadziwa kuti mphete yatha.

Musanalumikize kumagetsi, dzazani mphika ndi madzi ozizira, ikani kapepala kofewa m'kabokosi, musiye usiku wonse. Kakapezeka kouma, ndiye kuti sipakudontha; tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Pakati pa mano awiri aafupi a pulagi, elementi ya ma watt 3,000 ionetse ma ohm 17 mpaka 20. Kuchokera pa dzino lalitali la earth kufika pamphika, komanso pakabokosi, pasakwane ohm imodzi. Pakati pa dzino lalifupi ndi mphika pasaoneke kulumikizana kulikonse. Soketi yake ikhale yodutsa pa earth leakage, switchi yozimitsa yokha magetsi akathawa, ya 30 mA. Nyumba zambiri zakale zilibe, ndipo fyuzi payokha imateteza chingwe, osati munthu. Kuwiritsa koyamba kukhale kwa madzi okha.

Mphika wotere ndi wa madzi a chimera osefa kale. Phala lokhuthala la masese kapena thobwa limamatirira pa elementi n'kupserera, fungo lake osachokanso. Ndipo magetsi akazima muli pakati pofulula, zulani pulagi musanakhuthule mphika, chifukwa akabwera elementi ili popanda madzi imapsa m'masekondi ochepa.