Foni ikapanda kuona sipika, musathamangire kukaitsegulitsa

Mawu oti "Bluetooth yafa" ndatopa nawo. Mafoni ambiri amene amandipeza ndi dandaulo limeneli amakhala alibe vuto lililonse. Mwiniwake wadina, wadikira masekondi atatu, basi mlandu wagamulidwa.

Pakati pa foni ndi sipika palibe nsanja ya netiweki kapena rauta yoti iuze china kumene chinzake chili. Zimayenera kupezana zokha. Kuti zitheke, china chikhale chikuitana pa nthawi yomwe chinzakecho chikumvetsera, komanso pa tchanelo chimodzi. Bluetooth ya m'masipika ili ndi matchanelo 79 pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, ndipo foni ikamafufuza imadumphadumpha pa 32 mwa amenewa ikuitana. Choitanidwacho sichitchera khutu nthawi zonse ayi. Chimagona posunga batire, n'kudzuka pang'ono, n'kugonanso. Zikasemphana, foni iyambirenso. N'chifukwa chake kufufuza kokwanira anakuikira masekondi 10.24. Ya m'mawotchi apamkono, Bluetooth Low Energy, imalengezera pa matchanelo atatu okha, 37, 38 ndi 39, koma nayonso wopanga akafuna kuti batire lizikhalitsa amatalikitsa mpata pakati pa kulengeza kwina ndi kwina.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi ena a saluni amene foni yawo sinkaona sipika. Sipika yawo inali italumikizana kale ndi foni ya mwana wawo kuseri kwa shopu, ndipo masipika ambiri akapeza foni yomwe akuidziwa amasiya kudzionetsa kwa ena. Vuto linali lomwelo basi. Koma wokonza wina wa pamsika anawauza kuti IC (tchipi cha m'foni) yapsa, natsegula foni ya mayiwo n'kuyamba kuotcha bodi ndi mpweya wamoto. M'mafoni ambiri Bluetooth ndi Wi-Fi zimakhala pa tchipi chimodzi, ndiye zonse ziwiri zinathera pomwepo. Anafika kwa ine atalipira kale, bodi itapindika, zoti n'kukonza palibe.

Wokonza amene wagwira sikuludiraiva asanayese foni yanu ndi chipangizo china, mulandeni foniyo muzipita. Kuyesako sikutha ngakhale mphindi ziwiri. Inunso musanachoke pakhomo zimitsani Bluetooth pa mafoni ena onse a m'nyumbamo, gwirani batani lolumikizira la sipika mpaka kagetsi kayambe kuphethira mofulumira, ikani foni pafupi, mudikire masekondi 15 osadinadina.