Injini ikawira mu Okutobala, yambani mwaona chivundikiro cha rediyeta

Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, mumaona magalimoto ataima m'mbali mwa Great East Road kapena Kafue Road mu Lusaka, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo. Amakaniko ena amathamangira kuchotsa thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha, koma kawirikawiri vuto silikhala pamenepo.

Pa mphamvu yonse ya petulo, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndilo limayendetsa galimoto. Lina limatuluka ndi utsi, lotsalalo ndi kutentha komwe madzi amanyamula kupita nako ku rediyeta. Tinene kuti ndi makilowati 30. Lita imodzi ya madzi ikazizira ndi digiri imodzi imataya makilojulu 4.2, ndiye ngati madzi akutsika ndi madigiri 7 podutsa mu rediyeta, pampu iyenera kukankha pafupifupi lita imodzi pa sekondi, malita 60 pa mphindi. Chilichonse chochepetsa liwiro limeneli chimakweza singano yoonetsa kutentha kwa injini.

Tsono Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera polekezera nyanja yamchere. Mpweya wa kuno supanikiza kwambiri, motero madzi amawira pa madigiri 96, osati 100. Komatu injini ikaima pamzere wa magalimoto imafika pomwepo popanda vuto lililonse, ndipo m'magalimoto ambiri fani yamagetsi imayamba kuzungulira cha pamenepo. Chimene chimaletsa madzi kuwira ndi chivundikiro cha rediyeta. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, kutanthauza ma bar (muyeso wa kupanikiza) omwe sipuling'i yake imapirira isanatseguke. Madzi opanikizidwa chotere sawira mpaka madigiri 116 kapena 120. Labala yake ikang'ambika, kapena sipuling'i ikafooka, mwabwerera pa 96. Nthunzi imaunjikana m'mutu wa injini, ndipo nthunzi sichotsa kutentha pachitsulo monga amachitira madzi. Mutu umapindika, gasiketi n'kupsa. Zonsezi chifukwa cha kachipangizo kotsika mtengo kuposa tanki imodzi ya mafuta.

Mdani wina ndi madzi a pamjigo. Madzi apansi mu Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo zoyera zimene zimakanirira m'ketulo zimakaniriranso m'timachubu ta rediyeta. Aluminiyamu amadutsitsa kutentha kuwirikiza maulendo oposa 50 poyerekeza ndi laimuyo, choncho ngakhale wochepa amakhala ngati bulangeti, kwinaku akutseka njira ya madzi. Mukazimitsa injini yotentha n'kuchotsa kiyi, yendetsani dzanja pafupi ndi rediyeta, mosamala ndi fani. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi timachubu totsekeka. Thirani coolant, mankhwala a mu rediyeta, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled aja ogulitsidwa m'mabotolo owonjezera m'batire, osati asidi.

Nanga thermostat? Ambiri amatseguka pa madigiri 82. Muikeni mumpoto wa madzi pamoto: akatseguka madzi asanawire, ndi wamoyo, m'bwezereni. M'mainjini ambiri a ku Japan ali ndi kambale kachiwiri kotseka njira yachidule yobwezera madzi mu injini. Mukamuchotsa, madzi ena amangozungulira m'katimo osafika ku rediyeta.

Singano ikakwera muli pamsewu, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto, ndipo imani pamalo abwino. Chivundikiro musachigwire mpaka paipi yapamwamba ya rediyeta itazizira n'kufewa, chifukwa madzi a madigiri 110 akangomasuka amaphulikira kumaso.