Kodi chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka?

Ophunzira ambiri a fizikisi ku sekondale, ogwira zinthu msanga ndi ochedwa omwe, amakhulupirira kuti mwala waukulu umafika pansi msanga kuposa waung'ono. Maganizowa ndi akalekale, pakuti ngakhale Aristotle, katswiri wakale wa nzeru wa ku Greece, ankaphunzitsa chomwecho, ndipo patapita zaka zambiri Galileo, wasayansi wa ku Italy, anadzawatsutsa. Zoona zake n'zakuti popanda mpweya wotchinga, zinthu zonse zimagwa mofanana, ndipo pano padziko lapansi sekondi iliyonse liwiro lake limawonjezeka ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi. Mu 1971, David Scott, woyenda m'mlengalenga wa ku America, anagwetsa hamala ndi nthenga ali pamwezi, pomwe palibe mpweya, ndipo zonse zinafika pansi nthawi imodzi.

Mphunzitsi asafulumire kulemba masamu pabolodi, chifukwa ngakhale mwana wokhoza masamuwo amatha kusungabe cholakwikacho mumtima. Ayambe wagwetsa buku ndi pepala, chilichonse pachokha, pepala limatsalira. Kenaka aike pepalalo pamwamba pa bukulo, losatulukira m'mbali, n'kuzisiya: zimagwera limodzi, popeza bukulo likukankha mpweya umene unkachedwetsa pepala. Ophunzira ochedwa afotokoze m'mawu awoawo zimene aona, pamene anzawo ofulumira akuwerengera nthawi imene bukulo lingatenge kugwa kuchokera pa mamita 2.