Tiyi wochepetsa mimba sachotsa mafuta

Tinena kangati? Timapaketi ta tiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi amene akutsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook muno mu Lilongwe, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo ikatsika ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu, achoka ndi madzi, limodzi ndi potaziyamu, mchere umene umathandiza mtima kugunda bwino. Mafuta ali pomwepo.

Amene amadetsa nkhawa kwambiri ndi munthu wa shuga yemwe akumwa glibenclamide kapena kubaya insulini, ndiye wangoganiza zomagona ndi njala kuti aonde msanga. Shuga amatsikiratu. Thukuta limayamba, manja kunjenjemera, mutu kusokonezeka, mpaka kukomoka, achibale n'kumathamangira naye ku Kamuzu Central pakati pa usiku osadziwa chachitika. Ngati muli pa mankhwala a shuga kapena BP, musanasinthe kadyedwe kaonaneni kaye ndi adokotala, chifukwa thupi likamatsika mlingo wa mankhwala umafunika kuunikidwanso.

Tengani tepi ya telala, muyeze mimba podutsa pa mchombo. Amayi mukapitirira masentimita 80, abambo 94, chiopsezo cha shuga ndi BP chakwera. Kutsika kwabwino ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Wolemera makilogalamu 90 akachotsa 5 mpaka 9, BP ndi shuga zimasintha kale.

Nsima musaileke, ichepetseni. Mitanda itatu ikhale iwiri, kenako umodzi, ndipo ikhale ya mgaiwa. Theka la mbale adzaze nkhwani, bonongwe kapena mpiru, pambali nyemba kapena usipa. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osangopungulira mumphika. Koma shuga wambiri amalowa ndi zakumwa: botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml lili ndi masupuni ang'ono a shuga pafupifupi 8, osawerengera atatu aja a m'tiyi, ndi mandasi, ndi tchipisi cha pachiwaya masana.

Kuyenda mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, n'kokwanira poyambira. Muziyenda moti mukutha kulankhula koma osatha kuimba. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kabaza mumusiye. Ma sit-up, masewera aja ogona chagada n'kumadzuka, paokha sachotsa mafuta a pamimba.

Ndipo ngati mukuonda musanasinthe chilichonse, mukukodza pafupipafupi, ludzu silikutha, kapena chifuwa chadutsa masabata awiri, musasangalale nazo. Kayezetseni shuga, TB ndi HIV sabata yomwe ino.