Kukonzekera ngozi za pakhomo ndalama zili zochepa

Ngozi zomwe zimathamangitsa anthu kuchipatala usiku kuno ku Mulanje ndi Thyolo ndi zomwe timazidziwa kale. Mwana wagubuduza mphika wa phala lamoto, wina akutsegula m'mimba kuyambira masana, bambo alumidwa ndi njoka m'munda wa tiyi. Nthawi zambiri kuchira msanga kumadalira zomwe apabanja achita pa ola loyamba, komanso ngati panali ndalama yokwerera njinga.

Pezani kachidebe ka chivundikiro, mukapachike pomwe ana sangafike. Muikemo mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi, mapiritsi a zinki, panado, sopo wosagwiritsidwa ntchito, botolo la WaterGuard, tochi, ndi chitenje chakale chochapa bwino, chosita, chong'ambidwa m'tizidutswa. Mabuku a kuchipatala ndi ziphaso za unzika muzikulunge m'jumbo. Musadzipanikize kugula zonse tsiku limodzi. Chinthu chimodzi pa tsiku la malipiro ku esiteti, china mukagulitsa nthochi kapena nanazi, miyezi iwiri isanathe chidebe chakwana. Zotsala za LA ndi makapisozi a munthu wina zisalowemo.

Kutsegula m'mimba kumapha chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi, ndipo mwana wamng'ono amafooka m'maola ochepa chabe. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mumwetse pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Woyamwa apitirize kuyamwa. Thanzi akasowa, thirani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Masupuniwo akhale osasefukira, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana. Zotsala zikatha tsiku lathunthu, tayani. Mukaona chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, maso olowa m'kati kapena magazi, nyamukani, muzimumwetsa muli panjira. Madzi akumwa muzithira WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe.

Pa zilonda zamoto ndi pomwe ambiri timalakwitsa chifukwa cha chikondi chomwe. Wina amathamangira dzira, wina Colgate, wina mafuta ophikira kapena phulusa. Zonsezi zimatsekera kutentha m'kati ndi kulowetsa tizilombo, ndipo kuchipatala amayamba n'kuzichotsa mwana akulira. Chofunika ndi madzi oyera ozizira, kuthira mosalekeza kwa mphindi 20. Mphindi 20 ndi nthawi yaitali mwana akukuwa, koma musadukize. Mbali zina za thupi muzimufunditsa kuti asazizidwe. Vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, koma nsalu yomatirira pachilonda musaikoke, matuza musaphulitse. Phimbani ndi kansalu koyera ka m'chidebe kaja. Chilonda cha kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena choposa chikhatho cha wopsayo ndi cha kuchipatala tsiku lomwelo. Tinenepo izi: munthu wa khunyu akagwera pamoto, mukokeni msanga. Khunyu sipatsirana pomugwira munthu, ngakhale akutuluka thovu.

Wolumidwa ndi njoka musamuteme mphini, musayamwe bala, musamange chingwe cholimba. Mumukhazike phee, mwendo kapena mkono muumangirire ku kamtengo kuti usagwedezeke, mumunyamule. Galu akaluma, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala ngakhale bala likhale laling'ono. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Parafini, tameki ndi mankhwala opopera m'dimba asasungidwe m'botolo la Fanta. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa parafini akalowa m'mapapo amaononga kwambiri. Tengani botololo mukaonetse achipatala. Nyengo ya chiperoni mu Juni ndi Julayi, mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, umangogonetsa anthu osadzukanso.

Mwana akatentha thupi, panado amangoziziritsa thupi, malungo amakhala alipobe. Akayezetsedwe maola 24 asanathe, ku chipatala cha m'mudzi kapena chaching'ono chomwe muli nacho pafupi. Akakomoka, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse kapena kupuma mobanika, musadikire kuti kuche.

Apa ndi pomwe pamavuta ndalama. Kuchokera ku Thekerani kapena ku Muloza kukafika chipatala cha boma usiku, wa kabaza amakweza mtengo, ndipo palibe amene amakongoza pakati pa usiku. Funsani lero kuti ulendo wausiku ndi zingati, ndalamayo muiike pa yokha. Isakhale ya ndiwo, ndipo anthu awiri pakhomo adziwe pomwe ili. Ngati muli mu banki m'khonde, funsani za thumba la zadzidzidzi. Lembani papepala manambala a akabaza awiri ndi a mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, chifukwa foni imazima tsiku lomwe mukuifuna. Funsaninso mlangiziyo nambala ya Chipatala cha pa Foni, komwe mutha kuimba kwaulere. Amayi oyembekezera okhala kutali azipita kukadikirira kuchipatala masiku asanakwane.

Okhala m'munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Lichenya akudziwa zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pomwe napolo anakokolola nyumba ndi milatho, misewu n'kuduka. Dzinja lisanayambe, gwirizanani pabanja malo okwera okakumanirana, kaya ndi sukulu kaya tchalitchi, ndiponso amene adzanyamule agogo ndi amene adzabereke mwana. Akumwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu asamadikire piritsi lomaliza. Akatenge ena pa tsiku lomwe anauzidwa, ndipo mvula ikalimbikira mankhwalawo alowe m'chidebe limodzi ndi mabuku a kuchipatala.