Si ulesi: kutopa kwa anthu a dyslexia ndi ADHD

Pali mphekesera yoti munthu wa dyslexia (vuto la kuwerenga) kapena ADHD (vuto losatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi) akamadandaula kuti zinthu zamuchulukira, amangofuna kuzemba ntchito. Ili ndi bodza, ndipo limandiwawa ndikalimva.

Dyslexia, dzina lomwe dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin, analigwiritsa ntchito mu 1887, si kuchepa nzeru ayi. Vuto lagona polumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake. Tsamba limene mnzake amawerenga kamodzi, munthu wa dyslexia amalibwereza katatu, chala chili pamzere, mutu ukuwawa. ADHD nayo imavutitsa munthu kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kulongosola zochita zake, ndipo ambiri imawatsatira mpaka kukula.

Kulimbana kotere tsiku ndi tsiku kumachititsa thupi kutulutsa cortisol, mahomoni a nkhawa. Munthu amasowa tulo, ndiye kukacha kuiwala kumanyanya. Kumukalipira kumangokolezera moto.

Chimathandiza ndi kugawa ntchito m'tizigawo ting'onoting'ono, kulemba chimodzi chokha papepala, kulola foni imuwerengere mokweza, n'kumapumako pakati. Nkhawa ikafika pomulepheretsa kudya kapena kugona, akaonane ndi dokotala.